Akupikisana Ndani ndi Yani? Za Nthambo za Faiba mu Johannesburg

Pa msonkhano wina wa ophunzira umene ndinakhalapo posachedwapa, mnzanga wina wophunzitsa za chuma anaimirira n'kunena mosadodoma kuti mzinda wa Johannesburg waonetsa Africa yense mmene msika womasuka umachiritsira nthenda ya intaneti yodula ndi yochedwa. Anati chiyambire pamene nthambo za faiba zinalowa m'makomo a anthu mu 2014, mpikisano wakula, mitengo yatsika, ndipo chimene chatsalira boma n'kungopatuka kuti amalonda adutse. Anthu anaomba m'manja. Ine sindinaombe nawo, ndipo poti wapampando anatseka zokambirana chifukwa tiyi anali akuzizira panja, ndaona kuti ndilembe muno zimene ndikadanena tsiku lija.

Ntchito yanga ndi ya chiyankhulo, choncho ndiyambira pa mawu. Dzina loti mpikisano limachokera ku mneni woti kupikisana, ndipo wophunzira aliyense wa kusekondale amadziwa kuti kachidutswa ka -an- m'mneni wotere n'ka msintho wochitirana. Munthu samenyana yekha, sakondana yekha, sagwirizana yekha. Mneni wa mtundu umenewu amafuna ochita awiri kapena oposerapo, aliyense akuchitira mnzake chomwe mnzakeyo akumuchitira. Tsono wina akandiuza kuti mumzinda muli mpikisano, malamulo a chiyankhulo okha amandikakamiza kufunsa kuti akupikisana ndani ndi yani, nanga akupikisanirana pati. Funso limeneli mukalifunsa mutaima pa msewu weniweni wa ku Johannesburg, osati m'chipinda cha msonkhano, yankho lake silikoma ngati momwe mnzanga uja analikometsera.

Ndiyambe ndavomereza zoona zimene iye ananena, pakuti si zochepa. Amene anakhalako ku South Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 sanaiwale goli la Telkom. Mu 1997 boma linagulitsa magawo 30 pa 100 alionse a kampaniyi kwa gulu lotchedwa Thintana, la makampani a SBC ya ku America ndi Telekom Malaysia, ndipo linaipatsa zaka zisanu zoti ichite yokha malonda a matelefoni a nthambo. Zakazo zinatha mu 2002, koma Neotel, imene inayenera kupikisana nayo, inayamba ntchito mu 2006, ndipo inayamba motsimphina. Intaneti ya ADSL imene Telkom inabweretsa mu 2002 inkayenda pa nthambo zakale za kopa, inali yodula, ndipo munthu ankapimiridwa magigabaiti 3 okha pamwezi ngati ufa wa chithandizo m'chaka cha njala. Mu Sepitembala 2009 kampani ina ya ku KwaZulu-Natal inamangirira kachipangizo kosunga magigabaiti 4 pa mwendo wa nkhunda yotchedwa Winston n'kuiulutsa kuchokera ku Howick kupita ku Hillcrest, mtunda wa makilomita pafupifupi 80. Nkhunda inafika, uthenga n'kutsitsidwira mu kompyuta, zonsezo m'maola awiri ndi mphindi zochepa, pamene nthambo ya Telkom inali itatumiza magawo 4 okha pa 100 alionse a uthenga womwewo. Dziko lonse linaseka. Bwalo la Competition Tribunal, loweruza milandu ya mpikisano pa malonda, silinaseke: mu 2012 linalamula Telkom kulipira chindapusa cha R449 miliyoni kaamba kopondereza makampani ang'onoang'ono a intaneti amene ankadalira nthambo zake.

N'chifukwa chake zimene zinachitika ku Parkhurst mu 2014 zinali zazikuludi. Parkhurst ndi dera la anthu opeza bwino kumpoto kwa mzindawu, la nyumba pafupifupi 2,000, lotchuka ndi malo odyera a mumsewu wa Fourth Avenue. Eni nyumba atatopa ndi kudikira, bungwe lawo linaitana makampani kuti abwere ndi mapulani oyala faiba m'dera lonselo, ndipo linasankha kampani yatsopano imene anthu ambiri anali asanaimvepo, Vumatel. Faiba ndi kaulusi ka galasi, kopyapyala ngati tsitsi, konyamula uthenga pogwiritsa ntchito kuwala m'malo mwa magetsi. Sikachita dzimbiri, akuba kopa alibe nako ntchito, ndipo liwiro lake silifooka msanga ndi kutalika kwa mtunda monga limachitira pa nthambo za kopa. Madera oyandikana nawo, monga Greenside ndi Parktown North, ataona anasirira n'kuitana nawonso. Telkom inadzidzimuka m'tulo take. Mu 2015 inapatula nthambi yake ya nthambo n'kuitcha Openserve, niyamba kukumba mwaliwiro. Kupima magigabaiti kunatha m'makomo ambiri. Sindikukana chilichonse mwa zimenezi, ngakhale ndiyenera kukumbutsa mnzanga uja kuti gawo lina la kutsika kwa mitengo linachokera kunyanja osati mumsewu: nthambo za pansi pa nyanja za SEACOM mu 2009, EASSy mu 2010 ndi WACS mu 2012 zinali zitagwetsa kale mtengo wolumikizira dzikolo ndi maiko akunja fosholo yoyamba isanagwe pa Parkhurst.

Chimene ndikukana ndi dzina limene tikupatsa mwana amene anabadwa pamenepo. Vumatel inabwera ndi njira imene pa Chingerezi amati open access. Kampani yokumba ngalande ndi kuyala nthambo sigulitsa intaneti kwa mwini nyumba. Imabwereketsa nthamboyo kwa makampani ena, monga Afrihost, Cool Ideas, Webafrica, MWEB ndi Vox, ndipo iwowa ndiwo amagulitsa. Mwini nyumba akafuna kulumikizidwa amaona mayina makumi angapo, lililonse ndi mtundu wake, lililonse ndi nyambo yake: uyu akuti mwezi woyamba ndi waulere, uyo akuti adzakuikirani zipangizo osalipira. Maso amakhuta, mtima n'kuti apa ndiye pali chisankho. Koma taganizani za msika umene muli amayi makumi atatu ogulitsa usipa, onsewo opikula kwa mwini lole mmodzi amene ndiye yekha amafika kunyanja. Amayiwo adzapikisanadi. Wina adzawonjezera basela, wina adzakusekererani, wina adzakulolani kutenga pangongole mpaka kumapeto kwa mwezi. Koma tsiku limene mwini lole adzakweze mtengo wa dengu, onse makumi atatu adzachepetsa mulu m'mawa mwake, ndipo wogula ngakhale azungulire msika wonse sadzapeza kothawira. Mmenemu ndi mmene zilili ndi faiba. Gawo lalikulu la ndalama imene mwini nyumba amapereka pamwezi limapita kwa mwini nthambo, ogulitsa aja n'kumalimbirana nyenyeswa. Mwini nthambo akakweza mtengo, makalata opepesa amachokera kwa ogulitsa onse nthawi imodzi. Nthawi zina kukwezako kumabwera kutavala suti: amakuuzani mokondwa kuti liwiro lanu lawonjezedwa, koma mukayang'anitsitsa mupeza kuti mulu wotchipa umene munkagula uja wachotsedwa pa benchi, ndipo simunafunsidwe ngati liwiro latsopanolo mukulifuna.

Nanga bwanji wina osabwera n'kukumba ngalande yachiwiri? Yankho lake silifuna digiri ya za chuma. Ulusi wa galasiwo si umene umadya ndalama. Chodula ndi kukumba, kupempha chilolezo kwa akuluakulu a mzinda, kuboola misewu, kubwezeretsa phula ndi njerwa za m'mbali mwa msewu, kulipira anthu a mapiki ndi mafosholo. Wokumba woyamba amawononga ndalama zonsezo akudziwa kuti aliyense wofuna faiba mumsewu umenewo ndi wake. Wokumba wachiwiri awononga ndalama zofanana ndendende, koma apeza anthu atalumikizidwa kale, khoma litabooledwa kale, ndipo mwini nyumba alibe chilakolako choti kapinga wake akumbidwenso. Choncho wachiwiriyo amapita kukafuna msewu wina umene mulibe munthu. Mpikisano unalipodi pakati pa Vumatel, Openserve, Frogfoot, MetroFibre ndi ena, ndipo unali woopsa, koma unali wolimbirana malo, monga anthu othamangira kukhoma zikhomo pa mphanje. Mpikisano wotere umachitika kamodzi. Chikhomo chikalowa m'nthaka, mneni uja amataya -an- wake, n'kutsala wochita mmodzi ndi wochitidwa mmodzi.

Ndikudziwa kuti ilipo misewu imene muli nthambo za makampani awiri kapena atatu, ndipo m'misewu yoteroyo eni nthambo amanyengereradi anthu. Koma zimenezi zikuchitira umboni mfundo yanga yomwe. Ngati khalidwe la kampani limasintha ikaona ngalande ya mnzake, ndiye kuti chimene tiyenera kuwerenga ndi ngalande, osati mayina a ogulitsa. Za ku America zimaonetsa izi poyera. Google itayamba kuyala faiba ku Kansas City mu 2012 pa mtengo wa $70 pamwezi, AT&T inabwera mumzindamo mu 2015 ndi faiba yake pa $70 yomweyo; chaka chomwecho, ku Cupertino kumene kunalibe Google, inkagulitsa liwiro lofananalo pa $110. Kampani imodzi, chaka chimodzi, mitengo iwiri. Ndipo taonani kumene nkhaniyo inathera: mu 2016 Google inaimitsa kaye mapulani ake olowa m'mizinda yambiri yatsopano, ndipo mu 2019 inachoka mumzinda wa Louisville. Ngati kampani yolemera chotero inapeza kuti kukumba ngalande yachiwiri n'kowawa, tisayembekeze kuti kakampani ka ku Randburg kadzatikumbira.

Tsopano tione amene ali ndi zikhomo zija lero. Vumatel inayamba ngati kamwana kolimbana ndi chimphona, ndipo anthu amakondabe kuifotokoza motero. Koma mu 2018 kampani ya CIVH inagula magawo 34.9 pa 100 alionse a Vumatel, n'kutsiriza kugula otsalawo mu 2019. Mwini wamkulu wa CIVH ndi Remgro, kampani ya banja la Rupert, limodzi la mabanja olemera koposa m'dzikolo. CIVH inali kale ndi Dark Fibre Africa, imene nthambo zake zimalumikiza nsanja za mafoni a m'manja ndi maofesi m'mizinda ikuluikulu. Mu 2022 Vumatel inagula magawo 45 pa 100 alionse a Herotel, imene inkayala faiba m'matauni ang'onoang'ono. Vumatel ndi Dark Fibre Africa anaziika pansi pa denga limodzi lotchedwa Maziv. Kamwana kaja kanakula n'kukhala mwini wa nthambo zodutsa pa nyumba pafupifupi mamiliyoni awiri, kuposa Openserve imene kanabwera kudzalimbana nayo. Chikomekome cha mkuyu. Amene akuwerengabe mayina a ogulitsa sanaung'ambe kuti aone nyerere.

Mnzanga uja akadakhala pano akadandiyankha kuti ndaiwala mafoni. Akadati mwini ngalande sangakweze mtengo mmene angafunire, pakuti munthu akhoza kusiya faiba n'kugula intaneti ya 5G kapena LTE yodzera m'mlengalenga kwa Vodacom, MTN, Telkom kapena Rain. Yankho limeneli ndi lamphamvu, ndipo ndi lokhalo limene limandichititsa kaye chete. Koma n'chifukwa chomwecho zimene zinayamba mu Novembala 2021 ziyenera kutidetsa nkhawa. M'mwezi umenewo Vodacom, kampani yaikulu koposa ya mafoni a m'manja ku South Africa, inalengeza kuti igula magawo 30 pa 100 alionse a kampani imene inadzatchedwa Maziv. Kunena mwachidule, wopikisana yekhayo amene akadamuopsa mwini ngalande anapempha kukwatira m'banja la mwini ngalandeyo. Bungwe la Competition Commission linafufuza nthawi yaitali, ndipo mu Ogasiti 2023 linati ukwatiwo uletsedwe. Zifukwa zake zinali zomveka: faiba ndi 5G zimalimbirana makomo omwewo, ndipo makampani ena a mafoni amadalira nthambo za Dark Fibre Africa polumikiza nsanja zawo, kotero kuti Vodacom ikadakhala ndi dzanja pa mpopi umene opikisana nayo amamwapo. Mu Okutobala 2024 bwalo la Competition Tribunal linagwirizana nazo n'kuletsa. Koma nduna ya za malonda, Parks Tau, inaima kumbali ya makampaniwo pochita apilo. Mu Julayi 2025 Commission inasiya kutsutsa makampaniwo atawonjezera malonjezo awo. Ndipo mu Ogasiti 2025 khoti la apilo la milandu ya mpikisano linavomereza. Malonjezowo si opanda pake: ndalama zankhaninkhani zoyalira nthambo zatsopano, nyumba zosachepera 1 miliyoni za m'madera a anthu osauka m'zaka zisanu, ndi lonjezo loti makampani ena sadzasalidwa. Ndibwereranso kwa malonjezo amenewa. Pakadali pano ndingoti palibe angatche zimenezi kupambana kwa mpikisano. Akuluakulu anaona kuti mpikisano uchepa, n'kulandira chipepeso.

Ndilankhuleko za amene chipepesocho akuti n'chawo. Bambo anga anagwirako ntchito m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo kalata yawo inkatenga milungu kuti ifike kumudzi. Lero adzukulu awo ali kumeneko, ndipo kalata yawo ndi WhatsApp. Mmodzi wa iwo, mwana wa mlongo wanga, amasamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ina kumpoto kwa mzindawu, ndipo amachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu ku Alexandra. Nditamuchezera mu 2019 anandiperekeza mumsewu wa abwana ake, n'kundilozera kamzere ka kapinga wobiriwira mosiyana ndi mnzake, kochokera ku msewu mpaka ku khoma.

“Amalume, apa ndi pamene panadutsa intaneti,” anatero. “Atachoka okumba aja, kapingayu ndinabzalanso ndine.”

“Nanga iwe imakufika?” ndinamufunsa.

“Imafika mpaka pa mpopi wa kuseri. Mauthenga a mayi ndimamvera pamenepo masana. Ndikafika ku Alex ndimagula kabandulo ka tsiku limodzi, kongoti ana andione nkhope.”

Alexandra ndi Sandton zalekanitsidwa ndi msewu waukulu wa M1 wokha. Munthu amayenda pansi kuchoka uku kufika uko. Mu 2017 Vumatel inalengeza kuti idzayala faiba ku Alexandra pa R89 pamwezi, ndipo manyuzipepala anaimba nthungululu. Panapita zaka zingapo lonjezolo lili m'mapepala, ndipo pamene linadzafika pansi pa dzina loti Vuma Key, mtengo unali R99 ndipo liwiro linali lochepa kwambiri poyerekeza ndi limene linalengezedwa poyamba. Sindikunyoza, R99 pamwezi popanda kupimiridwa ndi chinthu chabwino kwa banja limene linkawononga zoposa pamenepo pa timabandulo. Kampani ina, Fibertime, inayamba ku Kayamandi kufupi ndi Stellenbosch kugulitsa faiba pa R5 patsiku, ndipo imeneyonso ndi nzeru yoyamikirika. Koma tiyeni tisunge ndondomeko ya zaka m'mutu. Parkhurst inalumikizidwa mu 2014. Alexandra, kumene kumagona anthu ophika, ochapa, olondera ndi othirira maluwa a ku Parkhurst, inadikira pafupifupi zaka khumi. Msika unapita kumene kunali ndalama, unakhuta, kenaka n'kucheuka. Palibe chodabwitsa pamenepo, ndipo sindiimba mlandu wamalonda chifukwa chokhala wamalonda. Amene ndikumuimba mlandu ndi wophunzira amene amaona ndondomeko imeneyi n'kuuza boma kuti lipatuke.

M'zaka zodikirazo anthu onga mphwanga ankalipira intaneti yodula kuposa ya abwana awo. Izi si zongomva kwa ine. Mu Disembala 2019 Competition Commission yomweyo inatulutsa zotsatira za kafukufuku wake wa mitengo ya data, ndipo inapeza kuti mitengo ya Vodacom ndi MTN inali yokwera mopyola muyeso, komanso kuti kakonzedwe kake kankalanga osauka: wogula pang'onopang'ono ankalipira zambiri pa megabaiti iliyonse kuposa wogula zambiri nthawi imodzi. Mu Epulo 2020 Vodacom inatsitsa mtengo wa gigabaiti imodzi ya mwezi kuchoka pa R149 kufika pa R99. Funso langa kwa mnzanga ndi ili: dzikolo linali ndi makampani anayi akuluakulu a mafoni, Vodacom, MTN, Cell C ndi Telkom, onse akulengeza malonda usana ndi usiku, nanga bwanji mtengo unadikira chikwapu cha boma kuti utsike? Ngati anayi sanakwanitse kupikisana mokwanira m'mlengalenga, mmene mulibe chokumba, tiyembekeze chiyani kwa mmodzi pansi pa nthaka?

Apa ndi pamene ndibwerere ku malonjezo a 2025, pakuti nyimbo yake tinaimvapo kale. Mu 1997 boma linachita pangano lofanana ndi Telkom: ife tikutchinjiriza kwa opikisana nawe zaka zisanu, iwe uyale nthambo m'madera amene tsankho linawasiya opanda telefoni. Telkom inayaladi nthambo zoposa mamiliyoni awiri. Koma mitengo yoimbira inakwera, anthu analephera kulipira, ndipo zochuluka mwa nthambozo zinadulidwa m'zaka zochepa. Eni Thintana anagulitsa magawo awo mu 2004 n'kubwerera kwawo ndi phindu. Chimene chinatsala ndi kampani yozolowera kukhala yokha, ija inadzagonja kwa nkhunda. Sindikulosera kuti za Maziv zidzatha chimodzimodzi. Faiba si kopa, ndipo kulipiriratu pang'onopang'ono kumateteza wosauka ku ngongole imene inadulitsa matelefoni aja. Koma kapangidwe ka panganolo n'kamodzi: osauka akutchulidwa ngati chifukwa chololera olemera kuphatikiza mphamvu zawo. Malonjezo ali ndi tsiku lothera. Umwini ulibe.

Wina adzati, tsono ukufuna chiyani, kuti msewu uliwonse ukumbidwe kasanu? Ayi. Kuteroko n'kuwononga chuma, ndipo anthu a ku Johannesburg atopa kale ndi maenje. Ndikuvomereza kuti ngalande imodzi ndi yokwanira pa msewu umodzi, monga mmene paipi imodzi ya madzi ndi yokwanira. Koma palibe amene amanena kuti pa madzi a mumpopi pali mpikisano. Timadziwa kuti wopereka ndi mmodzi, ndipo chifukwa chodziwa zimenezo timamuikira malire: mtengo wake umaunikidwa, mabuku ake amatsegulidwa, ndipo saloledwa kusankha yekha amene amwe. Kuipa kwa mawu oti mpikisano pa nkhani ya faiba n'koti amagoneka tulo anthu amene akadafunsa za malire amenewo. Bungwe la ICASA, loyang'anira za mauthenga m'dzikolo, lili ndi mphamvu pansi pa lamulo la Electronic Communications Act la 2005 zokakamiza makampani kubwereketsana mipope yodutsamo nthambo ndi zounika misika imene wina ali ndi mphamvu yopyola. Komanso tisaiwale kuti nthaka imene ngalandezo zadutsamo si ya makampani. Mu 2015 khoti lalikulu la malamulo a dziko, pa mlandu wa mzinda wa Tshwane ndi kampani ya Link Africa, linagamula kuti kampani yokhala ndi chiphaso ikhoza kuyala nthambo zake m'mipope ya mzinda popanda kudikira kuti mzindawo uvomere. Ngati anthu onse, kudzera m'malamulo awo, anapereka misewu yawo ndi mipope yawo kwa okumba, ali ndi ufulu wofunsa kuti chobwezera n'chiyani.

Njira ina ilipo, ndipo si maloto. Mzinda wa Stockholm unakhazikitsa kampani yake, Stokab, mu 1994. Stokab imakumba ndi kuyala ulusi, koma sigulitsa intaneti kwa aliyense. Imabwereketsa ulusi wosayatsa kwa kampani iliyonse pa mfundo zofanana, ndipo mwini wake ndi mzinda, umene anthu akhoza kuuchotsa pa chisankho. Ndikudziwa chimene owerenga a ku Gauteng anene, ndipo akunena zoona: mzinda wa Johannesburg unayesapo kukhala ndi nthambo zakezake, ntchitoyo inadya ndalama zoposa R1 biliyoni, inamira m'mikangano ya makontirakiti, ndipo munthu wamba sanaone phindu lolingana ndi ndalamazo. Mzinda umene ukuvutika kukonza maloboti ndi mapaipi ophulika sungadzuke m'mawa n'kukhala Stockholm. Koma kulephera kwa boma kuyendetsa chinthu si umboni woti chinthucho chisayang'aniridwe. N'chifukwa choti tilimbitse woyang'anirayo, ndi kumufunsa poyera chimene akuchita.

Ndalemba za Johannesburg chifukwa ndi kumene nkhaniyi yafika patali, komanso chifukwa zimene zayesedwa kumeneko zimawoloka Limpopo ndi Zambezi zitavala dzina loti chitsanzo chabwino. Ku Harare ndi ku Lusaka ngalande zinayamba kale m'madera a opeza bwino. Ku Malawi nthambo za MTL zinapatulidwa mu 2016 n'kukhala kampani payokha, Open Connect Limited, monga mmene Openserve inapatukira ku Telkom. Akuluakulu a MACRA ndi a Competition and Fair Trading Commission adzauzidwa, ngati sanauzidwe kale, kuti achulukitse ziphaso za ogulitsa ndipo zonse zidzayenda. Ndikadakonda akadafunsa za msewu umodziumodzi wa ku Area 47 kapena ku Ndirande: muli nthambo za eni angati, ndipo amene alibe nthambo angabwereke mpope pa mtengo wanji?

Kwa ophunzira athu amene akusaka mitu ya kafukufuku, ndikusiyirani mneni wina woti mumuunike. Makampani a faiba akamalengeza kukula kwawo amawerenga nyumba zimene pa Chingerezi amati homes passed, kutanthauza nyumba zimene nthambo yadutsa pafupi nazo. Nyumba zolumikizidwadi, zimene muli munthu wolipira ndi kugwiritsa ntchito, amaziwerenga padera, ndipo pa nthambo za Vumatel chiwerengero chachiwirichi chakhala chosafika theka la choyambacho. Lonjezo la nyumba 1 miliyoni lija ndi la nyumba zodutsidwa. Pa Chichewa munthu akadandaula kuti anandidutsa, sitimuyesa kuti walandira kanthu. Timadziwa kuti sanapatsidwe ngakhale moni. Zaka zisanu za panganolo zidzatha cha m'ma 2030. Padzafunika wina wopita ku Alexandra, ku Diepsloot ndi ku Orange Farm ndi kope m'manja, wolowa mpaka ku tizipinda ta kuseri kumene alendi amagona, n'kuwerenga kuti ndi zitseko zingati zimene ulusi unalowadi, zingati zimene zikulipirabe, ndipo mtengo uja wa R99 wafika pati.